Kalata kwa Nduna Yoona Zachilengedwe ku Zambia: Dothi la m'Mbali mwa Mwambashi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani za minda ndi madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Mwambashi, momwe munadutsa matope a asidi pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia litagumuka ku Chambishi. Za madzi zakambidwa kwambiri: nsomba zinayandama mu Kafue, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa, ndege za asilikali zinamwaza laimu mumtsinje. Koma madzi amapita. Dothi limatsala pomwepo, ndipo ndi lomwe mlimi akugaula.

Laimu uja anagwira ntchito yake, ukali wa asidi unatsika. Chonde musalole kuti zimenezi zimveke ngati malo ayera. Laimu sachotsa chitsulo, amangochikhazika pansi. Kwa mkuwa ndi mtovu zimenezo zimathandizako, chifukwa asidi akachepa zitsulozi zimamatirira m'dothi. Aseniki khalidwe lake ndi lina. Iye amagwirira pa dzimbiri la chitsulo limene limakuta timchenga ta m'nthaka, ndipo laimu akachuluka kwambiri amayamba kumasuka. Amamasukanso dothi likamira m'madzi kwa nthawi yaitali mpweya n'kusowa, popeza dzimbiri lija limasungunuka. Umu ndi momwe analowera m'zitsime za ku Bangladesh, kumene anthu mamiliyoni anamwa kwa zaka zambiri osadziwa. Nanga madimba athu ali kuti? Ali m'madambo, momwe madzi amadikha dzinja lonse.

Za kuchuluka kwa zomwe zinatayika pali mkangano. Poyamba kunamveka malita 50 miliyoni. Kenako kampani ya Drizit ya ku South Africa, imene inalembedwa ntchito yofufuza, inati ndi matani oposa 1.5 miliyoni, ndipo a Sino-Metals anakana zimenezo. Mu Ogasiti 2025 ofesi ya kazembe wa America inachenjeza anthu ake za aseniki, cyanide ndi uranium m'derali, boma n'kuyankha kuti madzi ali bwino. Mkangano wotere sutha ndi misonkhano ya atolankhani. Umatha ndi munthu wonyamula chokumbira, wotenga dothi munda ndi munda n'kukaliyeza. Aseniki alibe fungo, sakoma, sawawa. Amadzaonekera patapita zaka: mawangamawanga pakhungu, zikhatho ndi mapazi zokhakhala, kenako khansa ya pakhungu, ya m'mapapo kapena ya m'chikhodzodzo. Bungwe la WHO linaika malire a mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa, kachulukidwe kochepa koti diso silingaone.

Tsono kumene kwapezeka kuti dothi laipa, tichite nalo chiyani? Pali njira imene ndikupempha kuti Unduna wanu uiyese, ndipo uiyese mosamala. Mabakiteriya ena amatulutsa mankhwala ochita thovu otchedwa biosurfactant. Pseudomonas aeruginosa amapanga rhamnolipid, Bacillus subtilis amapanga surfactin, ndipo yisiti wina wotchedwa Starmerella bombicola amapanga sophorolipid. Kachidutswa kalikonse ka mankhwalawa kali ndi mbali yokonda madzi ndi ina yowakana, motero kamalowa pakati pa dothi ndi chimene chamatapo, n'kuchikanganula. Ubwino wake poyerekeza ndi asidi wamphamvu kapena mankhwala otsukira dothi a EDTA ndi wakuti amaola okha m'nthaka ndipo sapha dothi. Mlimi atha kudzalimanso.

Ku yunivesite ya Concordia ku Montreal, Suiling Wang ndi Catherine Mulligan anaonetsa mu 2009 kuti rhamnolipid amathandiza kutulutsa aseniki m'zinyalala za mgodi, makamaka madzi otsukira akakhala opanda asidi. Koma zinali m'machubu a mulabotale, osati m'munda wa chimanga. Ndinenenso chinthu chimene ogulitsa mankhwala sangakuuzeni msanga: rhamnolipid amagwira bwino mtovu, cadmium ndi zinki kusiyana ndi aseniki, chifukwa iye ndi aseniki mphamvu yawo yamagetsi ndi yofanana ndipo sizikokana. Chimene amachita ndi kulimbirana naye malo pa dzimbiri paja mpaka kumuchotsapo. Zimatheka, koma pang'onopang'ono, ndipo dothi lathu lofiira lodzaza chitsulo likhoza kumukakamira kuposa la ku Canada.

Apa ndi pamene pali mtima wa kalata yanga. Aseniki saphedwa, saola, sapsa. Kutsuka dothi kuli ngati kuchapa: chovala chimayera, litsiro limapita m'madzi, ndipo wochapira kumtunda kwa chitsime wamwetsa mudzi zonyansa. Munthu akabwera ndi migolo ya biosurfactant nati angothira m'munda, mukaneni. Adzakhala atamasula poizoni amene anali womangika n'kumutumiza m'zitsime ndi mu Kafue, mtsinje womwe umamwetsanso Lusaka. Dothi loipitsitsa liyenera kupalidwa, kuikidwa pamalo owaka kapena oyalidwa pulasitiki yolimba, kutsukidwa pomwepo, madzi ake n'kusonkhanitsidwa. M'madzimo aseniki amagwidwanso ndi mchere wa chitsulo, matope otsalawo n'kukwiriridwa pamalo otetezedwa amene wina adzawayang'anira ngakhale mgodi utatsekedwa. Ndiponso m'dothi muzipita mankhwala osefedwa okha, osati mabakiteriya amoyo, pakuti Pseudomonas aeruginosa yemweyo amadwalitsa anthu a zilonda ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chofooka.

Mudzauzidwa kuti njirayi ndi yodula, ndipo ndi zoona. Komabe gawo lalikulu la mtengo wake ndi chakudya cha mabakiteriya, ndipo amadya zimene ife timataya. Ku Brazil apangapo surfactin ndi madzi ofinya chinangwa. Ena agwiritsa ntchito mafuta okazingira otha ntchito ndi molasesi, amene ku Nakambala, m'mbali mwa Kafue momwemo, sasowa. Yunivesite ya Copperbelt ili pafupi ndi malowa, ndipo ya Zambia ili ndi sukulu ya zamigodi ndi ya zaulimi. Apatseni minda ingapo yoyesera ndi ndalama zokwanira zaka zingapo. Pambali pake adzale Pteris vittata, chomera chija chimene Lena Ma wa ku yunivesite ya Florida analengeza mu 2001 kuti chimayamwa aseniki n'kumusunga m'masamba. Chimamera kale kuno kummwera kwa Africa. Pamalo owonongeka pang'ono mwina chidzaposa thovu lonselo, bola masamba ake azikololedwa n'kusungidwa ngati zinyalala zoopsa, asamadyedwe ndi mbuzi.

Ndalama zake zisachoke m'thumba la wokhometsedwa msonkho. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 likuti wowononga ndiye alipire, ndipo bungwe loona zachilengedwe la ZEMA lili pansi pa Unduna wanu. Ku Kabwe tinaona chimene chimachitika mlandu wa dothi ukasiyidwa: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, ngongole ya World Bank ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo owonongeka ndi migodi inavomerezedwa mu 2016, ndipo ana a ku Chowa ndi Kasanda akupezekabe ndi mtovu m'magazi.

Choyamba mwa zonse ndi chosavuta. Lamulani kuti dothi la munda uliwonse umene matope anafika liyezedwe, pamwamba ndi pansi pofika mizu, komanso m'nyengo ya mvula pamene madambo amira. Zotsatira zake zisathere m'kabati ku Lusaka. Zimatidwe kwa amfumu ndi kusukulu, ziwerengedwe pawailesi m'Chilamba, m'Chibemba ndi m'Chinyanja, mlimi aliyense auzidwe ngati adzale kapena ayi, ndipo wouzidwa kuti asadzale auzidwenso amene adzamudyetse chaka chimenecho.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya ku Copperbelt