Yankho la mkonzi: Botolo la mabakiteriya silichotsa mtovu m'dimba

Uthenga wina wafala m'magulu a WhatsApp a alimi. Akuti kuli mabakiteriya a m'botolo amene ukathira m'dimba la pafupi ndi mgodi amadya poizoni yense, moti ndiwo zake mutha kudya mtima uli m'malo. Umabwera ndi zithunzi ziwiri: repu wachikasu wofota, ndi repu wobiriwira wa masamba otambalala. Awerengi ena a ku Kabwe afika potifunsa komwe angagule. Musagule, ndipo musautumizenso uthengawo kwa wina aliyense.

Mtovu suwola. Si manyowa kapena mapesi oti tizilombo tingafumbutse mpaka kutha. Palibe chamoyo chimene chimasandutsa mtovu, cadmium kapena nickel kukhala chinthu china. Mgodi wa Broken Hill ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero fumbi la ku Chowa, Kasanda ndi Makululu likadali ndi mtovu, ndipo ana akupezekabe nawo m'magazi. Nthaka ya kumeneko nayonso ili ndi mabakiteriya ake osawerengeka. Akanakhala kuti amadya mtovu, bwenzi atamaliza kalekale.

Bodzali likuyenda msanga chifukwa lakwera pamsana pa zoona. Mabakiteriya othandiza mbewu alipodi, ndipo mlimi wa soya amene amapaka inokulanti pa mbewu asanadzale amawadziwa. Ena a mtundu wa Pseudomonas ndi Bacillus amakhala pa mizu n'kumathandiza mbewu kupirira nthaka yoipa. Mbewu ikamwa zitsulo zoopsazi imatulutsa mpweya wa ethylene wochuluka, umene umaletsa mizu kukula. Mabakiteriya ena ali ndi enzyme yotchedwa ACC deaminase imene imachepetsa mpweyawo, mizu n'kupitiriza kulowa pansi. Ena amathandiza mbewu kupeza ayironi, masamba osachita chikasu.

Koma taonani bwino amene wathandizidwa pamenepa. Ndi mbewu, osati munthu woidya. Mu 1998 Bernard Glick ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa bakiteriya wotchedwa Kluyvera ascorbata, amene anamupeza m'dera la migodi la Sudbury. Mbande za canola ndi tomato zopakidwa bakiteriyayu zinapirira nickel kuposa zinzake. Atayeza mizu ndi masamba a canola, anapeza kuti nickel sanachepe m'mbewumo. Mbande inangoleka kudwala, poizoni ali momwemo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene tikuda nkhawa kwambiri. Masamba achikasu ndi mbewu yopinimbira nthawi zina ndiye chenjezo lokhalo limene mlimi wosauka ali nalo kuti nthaka yake yaipa. Mukachotsa chenjezolo poizoni n'kumusiya, repu uja amamangidwa m'mitolo, amafika pamsika, mayi amagula chifukwa ndi wooneka bwino kuposa wina yense pa benchi. Choipa kuposa apo, mabakiteriya ena amatulutsa maasidi osungunula zitsulo zimene zinamatirira ku dothi, mbewu n'kumwa zambiri kuposa kale. Akatswiri amachita zimenezi mwadala akafuna kuyeretsa malo: amadzala zomera zokoka zitsulo monga mpiru wa ku India, kenako amazidula n'kukazitaya ngati zinyalala zoopsa. Sazithira tomato ndi anyezi. Kodi wogulitsa botolo lopanda dzina pa basi siteshoni akudziwa kuti mwake muli mtundu uti?

Ku Japan, m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu ku Toyama, anthu anadya kwa zaka zambiri mpunga wothiriridwa ndi madzi okhala ndi cadmium wochokera ku mgodi wa Kamioka. Impso zinawonongeka, mafupa n'kumathyoka okha, makamaka mwa amayi. Boma linavomereza gwero la nthendayo, ya itai-itai, mu 1968. Mpungawo ankaukolola ndi kuuphika ngati mpunga wina uliwonse.

Wina anena kuti pali mabakiteriya amene amagwira zitsulo pa makungu awo, mbewu n'kumwa zochepa. Zoona, alipo. Koma zambiri mwa zotsatira zimenezi n'za m'miphika ya m'malo ofufuzira, ndipo zimasintha malinga ndi dothi, mbewu ndi nyengo. Kuchepa sikutha. Bungwe la WHO limanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Kuphika sikuchotsa mtovu. Kutsuka kumachotsa fumbi la pamwamba lokha. Ndipo ku Kabwe mwana amameza mtovu wambiri kudzera m'fumbi la pabwalo ndi zala zopita kukamwa, zimene botolo la m'dimba silingazikhudze n'komwe.

Zotikwiyitsa n'zakuti malonda otere amasaka anthu amene avutika kale. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi Kafue, nsomba zinafa, minda inapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Mlimi wa m'mbali mwa mitsinje imeneyi akufuna kumva kuti pali njira yachidule yobwererera kumunda. Womuuza kuti ilipo, ya m'botolo, akumubera ndalama ndi thanzi la ana ake pamodzi.

Ngati dimba lanu lili pafupi ndi mgodi, mulu wa zinyalala za mgodi kapena ngalande ya fakitale, kambiranani ndi alangizi a zaulimi kuti dothi ndi madzi ziyezedwe. Ndiwo zamasamba dzalani m'matumba kapena m'mabedi okwezeka a dothi lochokera kutali. Amayi ndi abambo a ku Kabwe, pitani ndi ana kuchipatala akayezedwe magazi.