Mtengo Woletsedwa Kukula

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024, pa mpikisano wa Olimpiki ku Paris, mnyamata wa ku America wa zaka 18, dzina lake Sam Watson, adakwera chipupa chotalika mamita 15 m'masekondi 4.74. Munthu amene adacheuka pa nthaŵiyo kuti ayankhe moni sadaone kanthu. Mlungu womwewo mendulo ya golide ya amuna okwera zipupa zovuta idapita kwa Toby Roberts wa ku Britain, wa zaka 19, ndipo wachiŵiri wake adali Sorato Anraku wa ku Japan, wa zaka 17 zokha, msinkhu wa mwana wa ku sekondale. Dziko lidaomba m'manja. Ine, aŵerengi okondedwa, manja anga ndayamba ndaŵapinda, ndipo ndifuna kukuuzani chifukwa chake.

Kwa inu amene simudaonepo maseŵeroŵa, nkhani yake ili motere. Munthu amakwera thanthwe, kapena chipupa chomangidwa motsanzira thanthwe, ndi manja ndi mapazi okha. Chingwe chimene amamanga m'chiuno sichimkoka ai. Ntchito yake ndi kumgwira akaterereka. Pena pogwira pamachepa ngati mlomo wa kapu, ndipo thupi lonse limalendeŵera pa nsonga za zala ziŵiri kapena zitatu. Tsono aliyense angathe kuona kuti pa ntchito yotere mwai uli ndi wopepuka. Adam Ondra wa ku Czech Republic adali ndi zaka 13 pamene adakwera njira ya muyeso umene akatswiri amautcha 9a, muyeso umene ambiri amakalamba asanaufike. Ashima Shiraishi, mtsikana wobadwira ku New York, adayamba kukwera miyala ya ku Central Park ali ndi zaka 6, ndipo m'chaka cha 2016, ali ndi zaka 14, adagonjetsa mwala wotchedwa Horizon ku Japan, wa muyeso umene panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene adaaufikapo. Atolankhani amaŵatcha ana otere kuti ana odabwitsa, ndipo chaka ndi chaka amafunafuna wina wocheperapo msinkhu woti amutame.

Ife a kuno ku Thyolo tili ndi mphunzitsi amene a ku Paris alibe, ndiye munda wa tiyi. Mlendo akamadutsa pa mseu wochokera ku Limbe amayamikira minda yobiriŵira, yosalala ngati mphasa, nayesa kuti tiyi ndi kachitsamba kakafupi mwa chibadwa chake. Koma wothyola tiyi aliyense adziŵa kuti tiyi ndi mtengo, ndipo atamleka osamdulira angathe kupitirira denga la nyumba. Amamdulira dala kuti alekeze m'chiuno mwa munthu, kuti asataye mphamvu pa maluŵa ndi njere, koma azingotulutsa nsonga zanthete, masamba aŵiri ndi kamphukira, zimene amaziyesa pa sikelo ndi kukazigulitsa ku okushoni ya ku Limbe. Pa tiyi palibe cholakwa: ndi mbeu, ndipo tidaibzalira zomwezo. Choipa nchakuti nzeru yomweyi ena aitengera pa mwana wa munthu.

Ndipo aitengeradi. Mtsikana akatha msinkhu thupi lake limadzaza, mnyamata mafupa ake amalemera. Mwadzidzidzi mwana amene ankauluka pa chipupa ayamba kugwa pamene dzana ankapita mosavuta. Akayang'ana anzake oonda ali pa nsanja yolandirira mphotho, masamu ake savuta: achepetse chakudya. Nthaŵi zina palibe wamkulu amene amanena poyera kuti usadye. Mau amodzi a mphunzitsi akuti wayamba kulemera amakwanira. Madokotala adaitcha nthenda yotsatirapo kuti RED-S, ndiye kuti thupi likugwira ntchito yoposa chakudya chimene likulandira. Thupi lotere limayamba kutseka zina kuti lipulumuke. Msambo umaima, mwina suyamba nkomwe. Mafupa amafooka pa zaka zenizeni zimene amayenera kukhwima, ndipo chimene chatayika pa zaka zimenezo nchovuta kuchibweza. Kukula kumachedwa. Kodi si kudulira kumeneku? Kai Lightner, mnyamata wa ku America amene adapambana mipikisano yambiri ali mwana, adaulula yekha m'chaka cha 2020 kuti pa zaka zimene anthu ankamuombera m'manja iye ankadzimana chakudya.

Wina asayese kuti izi ndi nkhambakamwa za wansembe wosadziŵa maseŵero. M'mwezi wa Julayi 2023 madokotala aŵiri, Eugen Burtscher wa ku Austria ndi Volker Schöffl wa ku Germany, adatula pansi maudindo ao m'komiti ya za umoyo ya bungwe la IFSC, loyang'anira maseŵeroŵa pa dziko lonse, ponena kuti adachenjeza kwa zaka zambiri za nthendayi koma akuluakulu a bungwelo sadachitepo kanthu kokwanira. Lamulo loti okwera aziyamba ayesedwa thupi asanaloledwe kupikisana lidatuluka m'mwezi wa Febuluwale 2024, madokotalawo atachoka kale. Mulilakwa kuliyamikira lamulolo? Ai. Koma funsani kuti ndi atsikana angati adakwera ndi mimba yopanda kanthu pa zaka zonse zimene akuluakuluwo ankakhala pa misonkhano.

Palinso zala. M'chala cha mwana, pafupi ndi mfundo, muli chichereŵechereŵe pamene fupa limakulira, ndipo sichiuma mpaka mwanayo atatha kukula. Mwana akamalendeŵera pa zala tsiku ndi tsiku, pamenepo pamachita mng'alu. Akaunyalanyaza, chala chingathe kupindika mpaka muyaya. Dokotala Schöffl yemwe uja adalemba zambiri za ming'alu imeneyi.

Koma dzina limene sindifuna kuti muliiŵale ndi la Tito Traversa, mwana wa ku Italy wa zaka 12, amene adali atatchuka kale chifukwa chokwera njira zolephera akuluakulu. M'mwezi wa Julayi 2013 adapita ndi gulu la ana anzake ku matanthwe a ku Orpierre, ku France. Njira imene adakwera tsikulo idali yosavuta kwa iye. Adafika pamwamba bwinobwino, natsamira pa chingwe kuti atsike. Koma tizitsulo tokoŵera chingwe ku thanthwe tidali titalumikizidwa molakwa: m'malo mogwidwa ndi lamba wolimba, tidangogwidwa ndi timphira tating'ono. Timphirato tidaduka, mwanayo nagwa, ndipo adamwalira m'chipatala cha ku Grenoble patapita masiku atatu. M'chaka cha 2018 bwalo la milandu ku Turin lidapeza mphunzitsi wa gululo wolakwa. Lingalirani bwino: luso la mwanayo silidapereŵere. Chidapereŵera ndi diso la munthu wamkulu. Mwana akamakwera ngati wamkulu, akuluakulu amaiŵala kuti ndi mwana, naleka kumuyang'anira pa zazing'ono zimene akadayang'anira mwana wina aliyense. Dzina lakuti wodabwitsa lija limamlanda mwana chinthu chimene anzake osadabwitsa ali nacho.

Ndidziŵa zimene ena anene. Adzati: Bambo, m'mera mpoyamba, ndipo ana ameneŵa palibe amene adaŵakakamiza, amazikonda okha. Zoona, amazikonda. Komatu mwana wa zaka 10 chimene amakonda koposa ndi kuona nkhope ya atate ake ikumwetulira, ndipo adzapirira chala choŵaŵa ndi mimba yolira kuti aione. Kuvomera kwa mwana sikuchotsa mlandu pa mutu wa wamkulu. Nanga amene amapindula ndani? Makampani ogulitsa nsapato ndi zingwe amafuna nkhope yanthete pa malonda ao, mphunzitsi amatchuka, makolo amayenda m'maiko. Mwambi wa m'mera uja amaunena theka: m'mera mpoyamba, inde, ndiye chifukwa chake timautchingira mpanda. Ngakhale pa esiteti, pamene khobidi lililonse amaliŵerengera, tiyi wongobzalidwa kumene amamdikira zaka ngati zitatu asanayambe kumthyola kwenikweni, chifukwa adziŵa kuti wothyoledwa msanga sakhalitsa. Ndipo changu chimenechi sichifunikira nkomwe. Ondra uja ntchito yake yaikulu, njira yotchedwa Silence ku Flatanger m'dziko la Norway, adaichita m'chaka cha 2017 ali ndi zaka 24. Janja Garnbret wa ku Slovenia adatenga golide wa Olimpiki ali ndi zaka 22, namtenganso ali ndi zaka 25, ndipo iyeyu ndi mmodzi mwa amene adadzudzula poyera za njala yodzipatsa dala pakati pa okwera anzake.

Tsono zitikhudza bwanji ife a ku Makwasa, ku Bvumbwe ndi ku Luchenza? Tukulani maso kuvuma tsiku lopanda chiperoni. Phiri la Mulanje limene timaliona tili m'minda ya tiyi lili ndi thanthwe la Chambe, limene mbali yake ya kuzambwe ndi yotalika mamita ngati 1,700, ndipo ambiri amati palibe lina lokwereka lotalika chotere mu Africa muno. Frank Eastwood ndi Ian Howell adalikwera molunjika m'chaka cha 1977. M'mwezi wa Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phirili m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse, ndipo alendo adzachuluka. Ku Lilongwe a Climb Malawi adamanga chipupa chophunzirirapo achinyamata. Ine ndikondwera nazo. Kwa zaka zambiri gawo la Mmalaŵi pa phiri lija lidali kusenza katundu wa mlendo. Nkwabwino kuti mwana wa kuno agwire chingwe nayenso, adziŵe phiri la makolo ake ndi zala zake.

Mantha anga ali pa umphaŵi wathu. Kholo limene limalandira malipiro poŵerengera makilogalamu a masamba, likadzamva kuti mwana wake ali ndi mphatso yoti nkumfikitsa kunja, silidzafunsa mafunso ambiri. Ndipo tisadzinamize kuti ife thupi la mwana timalilemekeza kuposa azungu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndi kupatsa ntchito yoopsa wosafika zaka 18. Koma ndani sadakumanepo ndi kamtsikana kakutsika m'phiri mbandakucha, mtolo wa nkhuni wautali kuposa iko komwe uli pamutu? Ameneyo palibe amutcha wodabwitsa, palibe amjambula, koma khosi lake likulipira ngongole yomweyo.

Inu makolo, tsiku limene munthu adzafike pakhomo panu nkunena kuti mwana wanu ali ndi luso lokwera, kapena lothamanga, kapena la mpira, mlandireni, mumpatse mpando. Kenaka mumfunse: amene adzayang'ane chingwe ndi tizitsulo mwana asananyamuke pansi ndani, ndipo adaphunzira kuti? Mwana akanena kuti chala chikuŵaŵa, adzapuma masiku angati? Sukulu idzayenda bwanji? Akadzati ndatopa nazo, adzamlola kusiya popanda kumchititsa manyazi? Mlendoyo akayankha bwino, mlekeni mwana apite, ndipo tsiku lina mupite nawo mukaone ndi maso anu. Koma mukadzamva kuti mwanayo amuuza kuti achepetse nsima, kamtengeni tsiku lomwelo.