Amalonda, tiyeni tifunse ba UNZA za UTH

Amai na atate a pa Soweto, pa City Market, m'misika ya ku Matero, Chawama na Mtendere, lelo sinibwera na nkhani ya mtengo wa unga. Nifuna tikambe za UTH.

Mudziwa mmene zimayendera. Mwana wadwala usiku ku Kanyama, mwathamangira ku chipatala cha m'komboni, anesi ayesa zimene angathe, pothera pake akupatsani kalata kuti pitani ku UTH. Tsiku limenelo sitandi yatsekedwa. Tomato amene munaoda m'mawa ayamba kufewa, chilimba chifuna ndalama Lachisanu, inu muli pa benchi kuyembekeza dokotala. Masiku atatu chabe, mpamba wadyeka. Ndiye chipatala chija chikakhala chothina, mapaipi akale, malo ogona osamalira odwala ochepa, wolipira ni inu.

UTH ili pamalo paja kuyambira 1934, Lusaka ikali kukonzedwa kuti ikhale likulu m'malo mwa Livingstone. Nthawi imeneyo kunalibe Kanyama wa lelo, kunalibe George, kunalibe anthu mamiliyoni. Ma block ambiri paja ni akale kupambana ine. Zoona, Japan inathandiza kukweza zipatala za Matero na Chilenje, pambuyo pake Kanyama, Chawama na Chipata. Levy nayo ilipo kuyambira 2011. Koma matenda akakula, njira ikali imodzimodzi: Nationalist Road.

Manje dumphani msewu womwewo. Paja pali Ridgeway Campus ya UNZA, pomwe amaphunzitsa madokotala. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966, ndipo ana a sukulu ya udokotala akhala akuphunzira ntchito pa matupi a makolo athu mu ma ward a UTH zaka zonsezi. Chilembo choyamba cha UTH chitanthauza yunivesite. Ni kalasi yawo. Nanga Vice Chancellor na Council yake, mawu awo pa zokonzanso nyumba zakalezi ali kuti?

Ena azakamba ati UTH ni ya Ministry of Health, si ya UNZA. Nivomela. Ena ati UNZA ili na nkhongole zake, olo opuma pantchito amavutika kulandira zawo. Naizonso nivomela. Koma palibe amene akuti atulutse ndalama m'thumba. Ali na sukulu ya mainjiniya, ali na akatswiri a zachuma, ali na maprofesa amene amayenda mu ma ward aja tsiku na tsiku. Anthu awa akalemba kuti block iyi ikonzedwe, iyi isungidwe chifukwa cha mbiri yake, iyi yatha ntchito, ndipo mtengo wake ni uwu, nduna siingayankhe kuti ni ndale. Ine nikakamba, amati mnyamata wa chipani. Profesa akakamba, Parliament imamva.

Ndipo asatiuze kuti zomanga sazidziwa. East Park Mall pa Great East Road inamangidwa pa malo a UNZA, pa mgwirizano na kampani. Pa mashopu njira inapezeka. Pa chipatala chophunzitsira madokotala ivute bwanji?

Kumbukirani kolera. Mu 2018 oyamba kuthamangitsidwa mu misewu munali inu. Mu 2024 odwala anagonekedwa mu Heroes Stadium, bwalo la mpira. Dziko likamagoneka odwala mu stadium, ndiye kuti nkhani ya nyumba za zipatala inachedwa kale maningi.

Chimene niopa ni ichi: tikangokhala chete, tsiku lina tizadzuka kumva kuti kontrakiti yasainidwa, mtengo osadziwika, kampani osaidziwa. Nchifukwa chake pulani ilembedwe poyera, tenda ilengezedwe, ndipo mu pulanimo mukhale shelter yabwino ya amai ogona panja kuyembekeza odwala awo, yokhala na madzi na zimbudzi.

Msika uliwonse uli na komiti. Ba chairlady, pa miting'i yotsatira ikani nkhaniyi patsogolo. Lembani kalata imodzi, musaine nonse, kope ina kwa Vice Chancellor wa UNZA, ina kwa MP wanu. Ngati kulemba kwavuta, achinyamata tilipo, tizabwera na pepala na bolopeni pa sitandi panu.