Kodi Ntchito za Pakhomo Zimachepetsa Thupi?

Tikamayeza anthu pa sikelo ku tchalitchi kuno ku Ntcheu, amayi ambiri amatifunsa kuti: "Ndimagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, nanga bwanji thupi silikutsika?" Funsoli ndi lofunika, makamaka kwa amene achipatala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Ntchito zina zimathandizadi, zina ayi. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Muyeso wake ndi uwu: mtima ugunde mofulumirirapo, muzitha kulankhula koma kuimba kukukanikeni. Kusinja, kulima, kuwaza nkhuni, kusenza ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo, ngakhale kukolopa mwachangu Lachisanu pokonzekera Sabata, zimafika pamenepo. Kutsuka mbale, kusita ndi kusadzula ndiwo mutakhala pansi sizifika.

Koma tisanamizane. Kuyenda ndawala theka la ola kumatentha makalori pafupifupi 150, pomwe supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Mbale imodzi ya tchipisi ingabweze zonse zimene munakhetsera thukuta m'mawa.

Choncho mbatata ya kachewere ya ku Tsangano tiziidya yowiritsa, nsima tichotseko mtanda umodzi, masamba a ku Lizulu tichulutse. Tsiku limene ntchito yachepa, tiyende ndawala. Abambo, inunso nyamulani ndowa. Odwala mtima ayambe afunsa kaye achipatala.