Kalulu ameneyu anali wa yani?

Tonse timamudziwa Mickey Mouse, koma ndi ochepa mwa ife amene anamvapo za mkulu wake, kalulu wotchedwa Oswald. Walt Disney ndi mnzake Ub Iwerks anayamba kumujambula mu 1927 ku America, makatuni akadali akuda ndi oyera okhaokha komanso opanda mawu. Filimu yake yoyamba kuonetsedwa, Trolley Troubles, inatuluka chaka chomwecho kudzera ku kampani ya Universal, ndipo anthu anaikonda.

Mu 1928 Disney anapita ku New York kukapempha Charles Mintz, mkhalapakati wa iye ndi Universal, kuti amuwonjezere ndalama. Mintz anati m'malo mowonjezera achepetsa. Anali atakopa kale ojambula ambiri a Disney kuti azimugwirira ntchito iyeyo, ndipo malinga ndi pangano, mwini wake wa Oswald anali Universal. Disney anabwerera ku California chimanjamanja.

Ambiri akamakamba nkhaniyi amati Disney anaberedwa. Ife tikukana. Mintz anachita ukathyali ndithu, koma kaluluyo sanabedwe, chifukwa papepala sanakhalepo wa Disney ndi tsiku limodzi lomwe. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Luso linali lake, thukuta linali lake, koma umwini anausiya pachala ndipo unapita ndi mphepo.

Iwerks ndi mmodzi mwa ochepa amene sanamuthawe Disney. Ndiye anajambula Mickey Mouse woyambirira, ndipo filimu ya Steamboat Willie, yokhala ndi mawu ndi nyimbo, inaonetsedwa pa 18 November 1928. Apa Disney anaonetsetsa kuti mbewayo ndi ya kampani yake. Dzina lomwe linatchuka ndi la Disney, ndipo mu 1930 Iwerks anachoka n'kukatsegula situdiyo yakeyake. Tikamamumvera chisoni Disney chifukwa cha kalulu, tizifunsanso kuti ndi angati mwa ife amene amamudziwa munthu amene anagwira pensulo.

Oswald anabwerera ku kampani ya Disney mu 2006, patapita zaka 78 ndiponso Walt atamwalira kalekale. Kuti amupezenso, kampaniyo inalola kuti mtolankhani wake wa zamasewera, Al Michaels, apite ku NBC. Pangano limodzi la mu 1927 linatenga nthawi yonseyo kuti likonzedwe.

Ena anganene kuti wongoyamba kumene alibe mphamvu zokanira pangano, ndipo Disney akanakana, mwina Oswald sakanaonekera n'komwe. Mfundo imeneyi ndi yomveka. Nthawi zina munthu amagulitsa umwini kuti apeze poyambira. Koma pali kusiyana pakati pa kugulitsa ukudziwa ndi kudzidzimuka tsiku lopempha ndalama.

Pano pa koleji tili ndi anzathu ojambula zizindikiro za mabizinesi, opeka nyimbo ndi okonza mavidiyo, ndipo ambiri amangogwirizana pakamwa kapena pa WhatsApp. Musanapereke ntchito yanu, funsani kuti ikatha idzakhala ya yani, ndipo yankholo lilembedwe. Ngati munagwira ndi mnzanu, dzina lake lilembedwe pafupi ndi lanu, ngakhale atakhala kuti iye sanapemphe.