Kafoni ka agogo ndi nzeru yosunga moto

Usiku wina m'nyengo yotentha tinadzidzimuka ndi kugogoda kwa pachitseko. Anali anzathu oyandikana nawo nyumba kumudzi kwathu, chakuseri kwa msika wa Lirangwe. Mwana wawo wamkazi anali woyembekezera, matenda anali atayamba, ndipo panafunika kuitana wakabaza wa njinga yamoto. Pakhomo pawo panali mafoni amakono awiri, onse atathima. Yathu nayo inali itatha moto chakumadzulo. Chimene chinatipulumutsa ndi kafoni ka mabatani ka agogo, kotchajidwa masiku anayi m'mbuyomo koma kakadali ndi timizere tiwiri. Mwana anabadwira kuchipatala m'bandakucha, ndipo onse ali bwino.

Kuyambira pamenepo takhala tikudzifunsa chifukwa chake foni ina imasunga moto sabata yathunthu pomwe ina sifika madzulo. Kwathu kuno funsoli si lachibwana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'Malawi ali ndi foni, koma ounikira magetsi ndi pafupifupi banja limodzi mwa 10 alionse. Nkula ndi Tedzani, kumene amapanga magetsi pa mtsinje wa Shire, si kutali ndi Lirangwe kapena Chileka, komabe ambiri a ife timakatchajitsa kometera tsitsi kapena kwa mnzathu wa sola, ndipo timalipira. Ngakhale a magetsi a ESCOM analawako vutoli pamene namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Mkati mwa foni iliyonse muli kachipangizo kochepa ngati chikhadabo kotchedwa purosesa. Ndiko kamachita ntchito yonse yowerengera: tikamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, tikamatsegula chithunzi, tikamafufuza dzina la munthu. Vuto lake ndi lakuti moto wa m'batire ndi wochepa zedi. Batire lolembedwa 5,000 mAh limasunga mphamvu yongokwana kuyatsa babu la mawati 5 kwa maola osakwana 4. Kompyuta ya pa desiki yodya mawati 100 ingalimalize mphindi 15 zisanakwane. Choncho purosesa ya m'foni iyenera kudya mosinira.

Nzeru imeneyi inachokera ku Cambridge, ku England. M'chaka cha 1985 akatswiri a kampani ya Acorn, motsogozedwa ndi Sophie Wilson ndi Steve Furber, anapanga purosesa yotchedwa ARM, yokhala ndi matiransisita pafupifupi 25,000, omwe ndi tizitseko totsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Ndalama zinali zochepa, ndiye ankafuna purosesa yosatentha kwambiri kuti aiike m'chikuto chotchipa cha pulasitiki. Poiyesa anadabwa kuona kuti ikugwira ntchito pomwe waya woipatsa magetsi anali wosalumikizidwa. Inkakhutira ndi timagetsi tolowera m'mawaya ena. Mu 1990 Acorn, Apple ndi VLSI anakhazikitsa kampani ya ARM, ndipo mu 1993 kakompyuta ka m'manja ka Apple Newton kanatuluka ndi purosesa yamtunduwu. Kenako Nokia inaitenga. Lero ARM imagulitsa mapulani ake kwa makampani monga MediaTek ya ku Taiwan, Unisoc ya ku China ndi Qualcomm ya ku America. Mafoni a Itel ndi Tecno omwe adzaza m'misika ya Lunzu ndi Limbe amayendera nzeru yomweyo.

Kodi purosesayi imasunga bwanji moto? Choyamba, imagona. Ikangomaliza ntchito imatseka zigawo zake zambiri mpaka itadzutsidwanso. Chachiwiri, ntchito ikakhala yopepuka imachepetsa liwiro ndi mavoti ake, ndipo mavoti akatsika ndi theka, moto wodyedwa umatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Chachitatu, mu 2011 ARM inabweretsa njira yoika mitima ikuluikulu ndi ing'onoing'ono m'purosesa imodzi. N'chimodzimodzi pakhomo: kokapempha mchere timatuma mwana, koma thumba la chimanga limadikira wamkulu.

Tsono kafoni ka agogo kamapambana chifukwa kamagona pafupifupi tsiku lonse. Galasi lake n'laling'ono, ndipo palibe mapulogalamu okadzutsadzutsa. Foni yamakono ili ndi batire lalikulu kuposa, koma ife eni ake sitiilola kupuma. Walira mvula walira matope.

Pali zinthu zingapo zimene banja lililonse lingachite. Tichepetse kuwala kwa galasi, pakuti ndi limodzi mwa mbali zimene zimadya moto wambiri. Tizitseka data pamene sitikuigwiritsa ntchito, chifukwa mauthenga a m'magulu a WhatsApp ndi Facebook amadzutsa purosesa kosalekeza, n'kumatha bandulo ndi batire pamodzi. Kumene netiweki ndi yofooka, monga m'midzi ya m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri, foni imalimbikira kufuula kuti nsanja iimve ndipo moto umatha msanga. Ndi bwino kuipezera malo m'nyumba pamene imagwira bwino. Tiyatsenso njira yosungira moto imene ili m'foni momwemo, yomwe imauza purosesa kuti iziyenda pang'onopang'ono.

Kutentha nako ndi mdani. Dzuwa la ku Chileka mu Okutobala tonse timalidziwa. Ambiri timaika sola padenga kapena pabwalo, foni n'kukhala pambali pake padzuwa lomwelo. Sola ikhale padzuwa, foni ikhale pamthunzi. Kutentha kumakalambitsa batire msanga, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha, foni n'kuyamba kuchedwa. Tisatchaje foni pansi pa pilo kapena pamphasa yogona ana. Batire likatupa tisaliboole, tisaliponye pamoto wa zinyalala, ndipo ana asaseweretse, likhoza kuyaka.

Pogula foni tisamangofunsa za kamera. Tifunse kukula kwa batire, ndipo tidzifunse ntchito imene tikuifunira. Ngati ndi kuimba, kulandira ndalama ndi kufunsa malangizo ku Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, kafoni ka mabatani n'kokwanira, ndipo ndalama yotchajitsira tsiku ndi tsiku ingagule ndiwo.

Kwathu tinagwirizana lamulo limodzi. Foni imodzi ya pakhomo ndi ya ngozi: si yoonera mafilimu, si yomvera nyimbo, ndipo muli nambala ya wakabaza, ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya wachibale wapafupi. Timaitchaja Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi zokonzekera zina za Sabata. Pakhomo pamene pali mayi woyembekezera, khanda kapena wodwala wamgonagona, tikupempha kuti muchite chimodzimodzi sabata ino.