Mitengo iyambe, holo ibwere pambuyo

Inu ana anga amene mukufuna kusandutsa malo otsala m'dera lanu kukhala paki, maganizo anuwo ndi abwino. Koma ndamva kuti mwayamba kale kukangana za kukula kwa holo ndi mtundu wa malata. Dekhani kaye.

Malowo ndi a yani? Safunsa adadya phula. Tenganani ndi a khansala ndi amfumu, mupite ku khonsolo ya mzinda mukaone mapu, ndipo chilolezo chilembedwe papepala. M'mataunimu mabwalo ambiri amene ana ankamenyerapo chikulunga adadulidwa mapuloti, eni dera n'kungodzuka kupeza mpanda waima.

Zikatero, pitani pamalopo mvula ya February ili mkati, mutavala majombo. Onani kumene madzi akuchokera, pamene akuima ndi kumene akutulukira. Madzi saiwala khwawa. Anzathu a ku Chilobwe adaona zoopsa mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, phiri limene anthu anali atalimeta n'kumangamo nyumba. Choncho ngati pali kadambo, kasiyeni kakhale dambo. Musakakwirire ndi zinyalala kuti mupeze poimika magalimoto. M'mbali mwake bzalani mkuyu, katope ndi mbawa, ndipo pamtsetse ikani mizere ya vetiva kuti igwire dothi. Bulugamu ayi, amamwa madzi mosasiyira mnzake. Mtengo uliwonse umene mwaupeza, ngakhale wokhota, usakhudzidwe ndi nkhwangwa, pakuti mthunzi wakewo mbande yanu idzaufikira ana anu atakula. Kathengo kena kasiyidwe kosasesa, apumbwa ndi atimba apeze pomanga zisa. Mwana wobadwira m'tauni nayenso ayenera kudziwa bwemba ndi masuku zili mumtengo, osati pamulu wa pamsika pokha.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, koma inu musadikire kumapeto. M'mera m'poyamba. Ndipo ntchito yeniyeni si tsiku lojambulitsa zithunzi lija. Ili mu October, dzuwa likuswa mtengo, mbuzi zili pakalikiliki, moto wa osaka mbewa ukuyandikira. Banja lililonse lipatsidwe mitengo yake yothirira, yotchingira ndi yolambulira, ndipo aliyense adziwe kuti uwu ndi wa kwa auje.

Holo tsopano. Ikhale yocheperapo, ya khonde lalikulu, ndipo chimbudzi ndi madzi zitsogole. Musaimange ndi njerwa zootcha. N'zomvetsa chisoni kutha nkhalango ya kwina pootcha uvuni kuti mumange nyumba yophunzitsiramo ana kusamala chilengedwe. Njerwa za simenti zilipo. Madzi a padenga alowe m'thanki, adzathirire mbande.

Musanajambule pulani, funsani odzaigwiritsa ntchito. Amayi a banki m'khonde ndi a sikelo ya ana anene zimene akufuna, agogo asonyeze pamene aike bawo, ndipo woyenda pa njinga ya olumala ayese yekha ngati khomo likumulola. Mutu umodzi susenza denga.

A zinkhoswe ndi maukwati azilipira kangachepe pogwiritsa ntchito holoyo, ndalamayo izilipira mlonda ndi kugula makhasu. Msungichuma aziwerenga kaundula wake mokweza pamsonkhano wa mwezi uliwonse, malisiti ali patebulo.